Dzira Limene Alamu Sanalikhudze

Bambo anga ndi telala, koma mumsewu mwathu amadziwika ndi njoka. Kuseri kwa shopu yawo kuli kachipinda kofunda kodzaza mabokosi agalasi. Mwini kachipindako ndi Dona, nsato yaing'ono yofatsa imene yakalamba nawo limodzi. Akamasoka amaiyankhula ngati imamva. Mayi anatopa n'kudandaula, amangoti mkazi mnzawoyo bola sadya zambiri.

Chaka chatha Dona anaikira mazira. Bambo anadziwa kuti ndi omaliza, ndipo ankangofuna kamwana kamodzi kodzatsala Dona akadzapita.

Ndiye kunabwera alamu anga, amuna a achemwali, oweta nkhuku, munthu woti akaona chamoyo amayamba kuganiza za msika.

"Apongozi, mukugonera chuma," anatero. "Tiana ta njoka anthu amatilimbirana. Ndibweretsa makina anga oswetsera mazira, wogula ndamupeza kale."

"Ine sindiweta katundu," bambo anayankha. Koma mkamwini sakanizidwa kawiri. Bambo anasamutsira mazirawo m'makina, n'kulemba kamtanda ka pensulo pamwamba pa lililonse. Limodzi lofota, limene alamu anati n'lotaya, linatsala m'mapindo a Dona.

Kenako bambo anagonekedwa m'chipatala. Alamu, kunena chilungamo, anadzipereka. M'mawa uliwonse ankasamba m'manja n'kutembenuza mazira mosamala, monga amachitira ndi a nkhuku. Timitanda tija ankati n'tokumbutsa mbali imene atembenuza kale. Chonsecho tinali tosonyeza mbali yoyenera kukhala kumwamba nthawi zonse, poti dzira la njoka ukaligudubuza mwana amafera momwemo.

Bambo atatuluka anapeza mazira atachita nkhungu. Sanakalipe. Anangokhala pamakina osokera osawaponda, tsiku ndi tsiku, ndipo ine zinandiwawa kuposa akanakalipa. Alamu ankangozungulira panja, manyazi atawagwira.

Lofota lija ndi limene linaswa. Munatuluka kanjoka koyera, kowonda ngati chingwe cha nsapato. Wogula uja atamva anathamangira kushopu, nati mtundu umenewu ndi wosowa, bambo atchule okha mtengo. Bambo anayang'ana pansi. Lonjezo linali la mkamwini wawo, ndipo sakanamuchititsa manyazi pamaso pa mlendo.

Alamu anakaima pakhomo pa kachipindako, natsekereza ndi thupi lawo lonse.

"Pepani achimwene, mwavutika ulendo," anatero. "Aka si katundu. Ndi mwana wa apongozi, ndiye kuti ndi mlamu wanga."

Wogulayo asanafike n'komwe pamsewu, ndinamva makina a bambo akuliranso.