Chubu chopanda kanthu

Ndikukumbukira chaka chimene ndinkakanda ngati galu wa nthata. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tikukhala pa komboni ya esiteti ya tiyi ku Honde, kufupi ndi Samanga, m'dziko la Zimbabwe. Ziwengo zinandigwira m'khosi, m'zigongono ndi kuseri kwa mawondo. Khungu linkauma, kung'aluka, kenako kuchucha madzi. Kusukulu anati ndi mphere. Aphunzitsi anandibweza, amvekere ndisapondenso m'kalasi mpaka nditachira. Ndinalira njira yonse, chifukwa sukulu ndinkaikonda koopsa.

Amayi ankaganiza kuti ndi litsiro. Tsiku lililonse akaweruka kothyola tiyi ankanditengera kumtsinje, n'kundikwecha ndi mwala ndi sopo wochapira uja wobiriwira. Mayo ine! Ndinkabwerako ndikutentha thupi lonse, ziwengo n'kumachita kusekerera. Ababa anali mpositoli wolimba, wa ndevu ndi ndodo yake, ndipo pakhomo pathu mankhwala akuchipatala sankaloledwa. Ankandiwaza madzi opempherera, ine n'kumakandabe.

Patatha mwezi ndili pakhomo, amayi anapita nane mobisa kukiliniki ya esiteti. Anesi atamva za mwala uja anagwira mutu.

"Maiwe, amai! Si mphere iyi, sipatsirana. Khungu la mwanayu lili ngati denga lodontha, inu mukusasulanso udzu."

Anatipatsa kachubu ka kirimu. Anati azindipaka pang'ono, wokwana pansonga ya chala, pamalo odwala pokha, kwa masabata awiri basi, chifukwa ukapitirira umapepukitsa khungu. Thupi lonse azilipaka vaselini, mwala autaye. Amayi anafinyira kirimu yense m'kabotolo kakale ka vaselini, chubu n'kuchiponya kuseri kwa bafa. Pasanathe sabata kuyabwa kunazilala.

Koma nkhuku ndi nkhuku, zinachifukula chubu chija, ababa n'kuchitola. Iwo machubu otere ankawadziwira kumodzi: azimayi ena ankagula kwa ogulitsa ochokera ku Mozambiki n'kumadzola kumaso kuti ayere.

"Amake Esinati, mukufuna muyerere ndani? Kapitawo?"

Amayi anangousenza mlanduwo. Akanaulula, ababa akanafunsa komwe kuli wotsalawo n'kukamutaya, pomwe masiku opaka anali asanakwane. Nkhani inazungulira komboni yonse. Kumpopi azimayi ankawasuzumira amayi kumaso, ati aone ngati ayamba kuyera, munthu wakuda bii ngati ine ndemwe. Ababa analeka kudya chakudya chophika amayi, ndipo tsiku lachinayi anawauza kuti alongedze, abwerere kwa achimwene awo ku Chipinge.

Nditaona amayi akupinda zitenje, mantha onse anandithera. Ndinathamangira kwa ababa, amene ankanola khasu panja, n'kupinda manja a diresi.

"Ababa, kirimu uja ndi wanga. Taonani."

Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anayendetsa chala chawo chokhakhala pachigongono panga, pamene panali zilonda, n'kupeza pali see. Sanakalipe, kupepesanso ayi, si anthu ake. Anangolowa m'nyumba n'kumasula mtolo wa amayi ndi manja awo. Lolemba lotsatira anandiperekeza okha kusukulu, ndipo kwa aliyense wofunsa ankayankha kuti mapemphero agwira ntchito. Amayi ankangotsokomola.

Masiku ano ndimaphunzitsa ku Mutare. Mwana wanga wamng'ono anatengera khungu langali, ndipo kirimu wake amakhala poyera pawindo, palibe womubisira. M'kalasi mwanga mwana wa ziwengo sindimubweza. Ababa anatisiya kale. Chaka chatha ndinawafunsa amayi chifukwa chake analola kunyozedwa chotero, mpaka banja kutsala pang'ono kutha, pa nkhani ya kachubu.

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa.

"Iwe, dzina loipa silipha munthu. Koma ukanakhala pakhomo mwezi wina, kusukulu sukanabwererako. Ine ndinasiya chomwecho, ndili Giredi 3, chifukwa cha chilonda cha pamwendo."

Zimenezo ndinali ndisanazimvepo.