Ulendo wa ku Dwambazi ndi Buku la Titseko

Ndinanyamuka pa Benga Loweruka m'mamawa, mvula isanasiye chaka chimenecho, nditanyamula kachikwama komwe munali chitenje chosinthira, paundi imodzi ya shuga, khadi langa la chipani ndi buku limodzi. Aphunzitsi anzanga ndinawauza kuti ndikukazonda azakhali ku Dwangwa. Ku Dwangwa ndilibe azakhali, ngakhale a m'maloto. Bodza limenelo linatuluka mofewa moti ndinadzidabwa, ine amene ndinkagwaditsa ana padzuwa chifukwa chonama.

Bukulo ndi limene linandikweza basi, choncho ndiyambe ndalifotokoza. Ndinkaphunzitsa Sitandade 1, ana odzaza kalasi mpaka pakhomo, mabuku owerenga atatu okha, nawonso othothoka masamba. Ndiye ndinasoka langa ndi mapepala a matumba a simenti, chikuto chake katoni ya sopo. Tsamba lililonse linali ndi chithunzi pamwamba ndi titseko tiwiri ta pepala m'munsi. Mwana ankasankha chimene kamtsikana ka m'chithunzi kachite, n'kutsegula kachitseko kuti aone zotsatira zake. Kakasamba padooko pamene pali amayi, kabwerako kali koyera. Kakasamba kokha m'mabango, ng'ona yayasamula kukamwa. Tsamba lomaliza linali la mtsuko wosweka, wamkulu akufunsa kuti waswa ndani. Kuseri kwa kachitseko ka zoona, mwana ali pamiyendo pa mayi ake akudya nthochi. Kuseri kwa ka bodza, ali yekha pansi pa mtengo akulira. Tikafika pamenepo kalasi yonse inkakuwa pamodzi kuti, "Wamkulu akafunsa, nena zoona!" Ndinkanyada nalo bukuli, sindibisa. Ngakhale a insipekitala analiyamikira.

Mwa ana onse, amene ankalikonda kwambiri anali Asiyatu, wa zaka zisanu ndi chimodzi, mwana wa a Salimu, msodzi wachisilamu wa kudooko la pafupi ndi sukulu yathu. A Salimu anali ndi anansi, a Yona, a mpingo uja wokana kugula makhadi a chipani. Nyumba ya a Yona itatenthedwa, a Salimu anawabisa m'kanyumba kosungiramo maukonde. Anyamata a chipani atabwera kudzasaka, anapeza Asiyatu akusewera pakhomo. Akuti anamufunsa mwaulemu, mpaka kumusisita mutu. Mwanayo anachita zimene ndinamuphunzitsa. A Yona ndi a Salimu anakwezedwa galimoto imodzi, ndipo pamene ndinkanyamuka panali patapita miyezi itatu popanda wodziwa kumene anali. Kuyambira tsiku limenelo Asiyatu sanatulutse liwu, ndipo mayi ake anabwerera naye kwao ku Dwambazi. Ine ndinkapita kukamuuza mwanayo kuti sanalakwe. Mawu okamuuza ndinali nditawakonza bwinobwino ngati phunziro la Lolemba.

Basi yochokera ku Salima inafika hafu pasiti seveni, itachedwa ndi ola lathunthu, ndipo kondakitala anati tithokoze chifukwa dzulo lake sinafike n'komwe. Mpaka ku boma ndinalipira 60 tambala. Ndinakhala moyandikana ndi bambo wina wa kofia yoyera, telala, amene anafukata mutu wa makina osokera ngati khanda. Basi ikalowa m'dzenje ankayamba wateteza makinawo, mutu wake n'kugunda pazenera.

"Achemwali, nkhope yamaliroyo mukupita nayo kuti?" anandifunsa titadutsa pang'ono.

"Kuchipatala, bambo. Dzino."

"Kalizulitseni basi. Dzino lowola silimva mapemphero." Anamasula kansalu, n'kundipatsa chitumbuwa. "Tafunirani mbali inayo."

Ndinatafunira mbali inayo mokhulupirika mpaka ku Chia. Kumeneko tinapeza lole itatitimira pakati pamsewu, ndipo basi yathu poipatuka nayonso inatitimira. Amuna anauzidwa kuti akankhe, ife akazi tiyende nsapato zili m'manja. Telala uja anandisiyira makina ake kuti ndimusungire, choncho matope a ku Chia ndinawaoloka nditasenza chuma cha munthu amene sindinkamudziwa dzina. Amayi ogulitsa chambo chootcha anapindula tsiku limenelo. Ine ndinangonunkhiza, mtima wofuna chakudya ndinalibe.

Tinafika pa boma nthawi ili cha m'ma leveni. Kuti munthu apeze matola opita kumpoto ankayenera kudutsa pachipata cha msika, ndipo pachipatapo panali anyamata awiri a malaya ofiira.

"Khadi, amayi."

Ndinapereka. Mmodzi, wamng'ono ndithu woti ndikanatha kumuphunzitsa, anapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa buku.

"Nanga ichi?"

"Ndi buku la ana, achimwene. Ndine mphunzitsi."

Anatsegula kachitseko koyamba, n'kuona ng'ona, n'kuphulika kuseka. Anaitana mnzake uja ndipo anayamba kupikisana kusankha, anthu a mitolo pamutu akudikira kumbuyo kwanga. Atafika pa mtsuko wosweka anawerenga pang'onopang'ono, chala chili pansi pa mawu.

"Izi ndiye zofunika," anatero akundibwezera. "Akuluakuluwa ndi abodza, koma mwana sanama. Ana otere amatipeputsira ntchito. Muzipanga ambiri, aphunzitsi."

Ndinalandira ndi manja awiri, n'kugwada pang'ono, n'kunena kuti zikomo. Chiyambire ntchito yanga palibe chiyamikiro chimene chinandinyansa ngati chimenechi. Ndinakakhala pakhonde la sitolo ina mpaka mwazini wa kumzikiti ataitana anthu ku swala ya masana.

Matola amene ndinapeza anali lole yonyamula simenti kupita ku Dwangwa, kumene ankalambula minda ya nzimbe. Dalaivala anafuna kwacha imodzi, osachotsera. Tinakwera pamwamba anthu asanu ndi atatu, ndipo ine ndinakhalira matumba a mtundu womwe uja ndinasokera buku. Msewu unali wa matope ofiira, akashembe akutiluma m'makosi, aliyense akudziomba mbama yekha ngati wolapa machimo. Pa Bua madzi anali atatsala pang'ono kukwera pamlatho. Dalaivala anatsika kukayang'ana, ndipo anayang'ana nthawi yaitali moti mayi wina anamufunsa ngati akuwerenga nsomba.

Tili pakati pa mlatho ndinatulutsa buku m'chikwama kuti ndiliponye m'madzi. Dzanja linakana. Ndikanakonda kunena kuti ndinalisunga chifukwa cha Asiyatu, koma zoona n'zakuti ndinakumbukira masabata amene ndinatha ndikujambula ng'ona ija, mano ake limodzilimodzi. Munthu amatha kudana ndi ntchito ya manja ake n'kumainyadirabe. Ndinalibwezera m'chikwama.

Ku Dwangwa tinafika cha m'ma folo, tonse tili mbuu ndi simenti. Ndinagona kwa mnzanga wina amene tinaphunzira naye zauphunzitsi, ndipo iye anali wanzeru, sanandifunse kanthu. Lamulungu m'mawa ndinakwera kagalimoto ka wogula nsomba, 40 tambala, kukhala pakati pa madengu opanda kanthu koma onunkha ngati odzaza. Pamene tinkapita kumpoto Chichewa cha anthu chinkapendekera ku Chitonga, ndipo nthabwala zina zinkandipita.

Pa Dwambazi ndinatsika nthawi ya teni. Nditafunsa za mayi amene wabwera ndi mwana kuchokera ku Benga, mudzi wonse unadwala matenda oiwala. Uyu sakudziwa, uyo ndi mlendo, wina wangobwera dzulo. Sindinawaimbe mlandu, poti ndinavala nsapato ndi diresi la kuofesi. Pomaliza mayi wina wosenza nkhuni, osaima n'komwe, analoza ndi milomo nyumba ya kuseri kwa munda wa chinangwa.

Mayi a Asiyatu, a Mwanaisha, ndinawapeza akuyanika chinangwa choviika pathandala. Anali ataonda moti ndinawazindikira ndi mpango wokha.

"Aphunzitsi! Mpaka kuno?"

Anandiyalira mkeka. Titapatsana moni ndinapereka shuga uja, kenako ndinaulula zonse: za titseko, za mtsuko, za mawu amene kalasi inkakuwa.

"Ndikuzidziwa," anatero. "Ankawaimba kunyumba mawu anuwo. Bambo ake ankamuombera m'manja." Anakonza mpango wake. "Ine sindinamumenye, aphunzitsi, Mulungu ndi mboni. Koma masiku awiri ndinalephera kumuyang'ana kumaso. Mwana anaona."

Pamenepo kuseri kwa nyumba kunatulukira mayi wina atasenza ndowa, mpango atamanga mwachisilamu. Atandiona anabwerera msangamsanga. Koma ndinali nditamuzindikira. Anali mkazi wa a Yona.

"Kuno timati ndi mlamu wanga," a Mwanaisha ananong'ona. "Dzina tinamupatsa lina. Ndikanamusiya kuti? Ndiye onani mmene ndilili. Ndimapempha Mulungu kuti mwana wanga alankhule, komanso ndimaopa tsiku limene adzalankhule. Anyamata aja amafika konkuno."

Anaitana mwanayo. Asiyatu anabwera kuchokera kumunda, n'kugwada, n'kundipatsa dzanja, maso ali pansi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe phunziro langa lija, koma iye anali ataona ngodya ya katoni ikusuzumira m'chikwama. Analitulutsa yekha bukulo, n'kuliika pamiyendo pake, n'kuyamba tsamba loyamba monga tinkachitira m'kalasi. Padooko anasankha bwino. Pa moto ndi pa mankhwala a m'botolo anasankhanso bwino, osalankhula, kumangotsegula ndi kutembenuza. Mayi ake anasiya chinangwa n'kudzaima kumbuyo kwathu.

Atafika pa mtsuko wosweka anaima. Chala chake chinapita pa kachitseko ka zoona, kamene ngodya yake inali yakuda ndi manja a ana ambiri, n'kukhalapo kanthawi. Kenako chinasuntha n'kukaima pa ka bodza. Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana kumaso.

"Aka?"

Liwu lake linali losasa, koma linali liwu. Mayi ake anadzigwira pakamwa. Ine ndinamva ndowa ikugunda pansi kuseri kwa nyumba, kumene kunali munthu amene moyo wake unali pa yankho langa.

"Eya, ako," ndinatero. "Wakhoza."

Anatsegula. M'kati munali chimene ndinajambula ndekha, kamtsikana kali kokha pansi pa mtengo, misozi ikuluikulu ya choko chabuluu. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Akulira," anatero. Anaika chala pa kanyumba kamene ndinajambula pakona pongodzazitsa malo. "Koma ababa ake ali m'nyumba."

Apa ndi pamene ndinayenera kunena mawu aja, akuti Asiyatu, iwe sunalakwe, analakwa ndi akuluakulu. Koma ndikanawanena bwanji, nditangomuuza kumene kuti kachitseko kolondola ndi kamene sanasankhe tsiku lija? Ndikanati anachita bwino kunena zoona, mawa akanalozanso kuseri kwa nyumba. Ndinamukumbatira basi, ndipo iye anandilola monga mmene mwana waulemu amalolera mlendo.

A Mwanaisha anandiphikira mpunga ndi usipa, ndipo anandithokoza kuti ndamasula pakamwa pa mwana wawo. Anandiperekeza mpaka pamsewu. Bukulo linatsala, Asiyatu sanafune kulisiya ndipo ine sindinalipemphe.

Ndinabwerera masana omwewo pa lole ya matabwa, kukagonanso ku Dwangwa, n'kufika pa Benga Lolemba belu lotulukira litalira kale. Msewu unali womwewo, matope omwewo, koma za pobwerera sindikumbukira kanthu. Ndinaphunzitsa zaka zambiri pambuyo pake, ndipo ana ndinkawauzabe kuti bodza ndi loipa, koma sindinalonjezenso mwana aliyense kuti akasankha bwino zimuyendera bwino. Lonjezo limenelo silinali langa kulipereka. A Salimu sanabwerere. Ndinayenda ulendo wonsewo kukatula mlandu pamutu pa mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, koma ndinakangomuthandiza kuusenza bwino kuti usagwe.