Njinga ya a Flywell Inachira Lolemba

A Twaha ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pa Namadzi, ndipo sukulu analekezera Sitandade 2. Mu 1978 anthu a m'mudzi mwawo anawasankha kulowa m'komiti ya sukulu. Chifukwa chake? Ankayenda ndi pensulo kukhutu. Basitu, ophunzira amenewo!

Pamsonkhano woyamba, aphunzitsi aakulu, mayi Elestina, anawerenga kalata ya ku ofesi ya maphunziro: ana achepa, ndipo akadzapezekanso ochepa powerenga chaka chino, Sitandade 8 itsekedwa. A Twaha mutu unaima. Mwana wawo Tatu anali Sitandade 7, ndipo amalume ake anali atamuonera kale mwamuna wogulitsa nsomba zouma. Kutseka kalasiyo kunali kumukwatitsa mwanayo.

"Achepa bwanji, amayi, pomwe ena akukhala pakhonde?" anafunsa a Twaha.

Mayi Elestina anangowapatsa mapepala a zaka zisanu osonyeza zomwe masukulu a m'deralo ankalandira. Koma abale, munthu wozolowera kuwerenga sipoko za njinga n'kumupatsa mizere ya manambala! Mayiwo anawaphunzitsa pang'onopang'ono: tengani ndalama za mabuku ndi choko, muzigawe kwa ana amene ali m'kaundula wa sukulu. Masabata atatu a Twaha ankamata machubu uku akulemba pakatoni, pensulo ija ikugwira ntchito koyamba chibadwire. Anapeza kuti kusukulu ina ya ku Likoswe mwana ankagwera matambala nainte, pomwe kwawo sankafika n'komwe fifite.

Ofesitu inali yachilungamo kwabasi, inkapereka molingana ndi mitu ya ana. Kungoti mituyo ankaiwerenga a Flywell, kalaliki wa ofesiyo, tsiku limodzi pachaka. Tsikulo a Twaha ankalidziwa bwino, poti a Flywell ankayamba apopetsa njinga pa iwo pomwepo. Linali Lachisanu, chaka ndi chaka, kuti akamaliza azipitirira kwawo kukapuma. Ankafika pasukulu dzuwa lili pamutu, ana achisilamu atapita kale kukasamba kuti akapemphere kumzikiti, iwo n'kuwerenga otsalawo mosamala kwambiri, kawiri.

Komiti inalemba kalata. Yankho linabwera patatha miyezi inayi: zikomo chifukwa cha chidwi chanu, koma tsiku lowerengera amasankha ndi anthu odziwa ntchito. A Twaha anapsa mtima mpaka anakana chakudya.

Lachisanu lija litafika, a Flywell anatulukira ndi tayi wawo.

"Tapopani msanga, achimwene, ntchito ikundidikira."

A Twaha anazunguza gudumu, n'kupukusa mutu ngati sing'anga. "Kalanga ine, bwana! Gudumu ili likuphani panjira." A Flywell asanatsegule pakamwa, sipoko zinali zitamasulidwa kale, zili mbwee pansi. "Zatsopano n'zoitanitsa ku Limbe. Mubwere Lolemba."

Zaka makumi awiri a Twaha anali asananamizepo munthu pa njinga. Sipokozo zinali zabwinobwino. A Flywell anatukwana, nakwera basi yopita kwawo osakawerenga ana.

Lolemba m'mawa anatenga njinga yawo n'kukawerenga ana 311, pomwe chaka chatha anapeza 170. Anawerenganso, thukuta kamukamu.

"Koma anthu inu mumabereka bwanji?" anafunsa a Flywell. "Chaka chimodzi ana onsewa, obadwa ndi mano omwe!"

"Ndi mvula yabwino ija, bwana," anayankha mayi Elestina.

Sitandade 8 sinatsekedwe. Tatu analemba mayeso, wansomba uja n'kukafunsira kwina. Koma a Flywell analengeza m'maofesi monse kuti pa Namadzi pali mmisiri waulesi, wotha masiku atatu pa gudumu limodzi, ndipo njinga za akalaliki zinasamukira kwa a Lameck, mmisiri wina wa kutsidya kwa msewu. Mbiriyo inawamatirira a Twaha mpaka ukalamba. Munthu akawaseka nayo, iwo ankangokonza pensulo kukhutu n'kunena kuti, "Eya, ndine wochedwa. Mubwere Lolemba."