Dzanja lamanzere la achemwali ndi mphuno ya Felista

Lachiwiri lapitali ndinakwera njinga yamoto kupita kwathu ku Ndunde kukaona khanda. Felista, mwana wa achemwali anga, wachira, ndipo watipatsa kamnyamata konenepa bwino, kaukali pa bere. Ndinanyamula sopo ndi chitenje chatsopano, mtima uli mbee.

Nditafika ndinapeza zachilendo. Madzi ali m'beseni, Felista ali chigwadire, akulimbana ndi khanda loterera ndi thovu, thukuta lili kamukamu. Mayi ake ali pakhonde potero, akusankha nyemba m'lichero, maso ali kwina.

Inu anthuni, mwana woyamba amasambitsa ndani kwathu kuno? Si agogo ake? Wobereka kumene amangokhala pambali n'kumaonerera kagwiridwe ka khosi. Ndiye ndinafunsa mwanthabwala.

"Achemwali, mwatopa naye kale mdzukuluyu?"

"Manja angawa si osambitsira ana," anayankha osadzutsa mutu. "Iwenso ukudziwa."

Ndinkadziwadi. Kungoti ndinkayesa kuti nkhani imeneyo inafera m'njira kalekale.

Felista ndi mtsikana wokongola, ndipo sindikunena chifukwa ndi wathu. Koma mphuno yake inapendekera kumanzere, ndipo chibwano chake nacho chinatsatira komweko pang'ono. Akaseka ndi pomwe zimaonekera bwino. Pa zithunzi zonse za ukwati wake anaima cham'mbali ngati akumvetsera wailesi ya kwa aneba.

Tsono mukudziwa zomwe timachita posambitsa khanda. Timaliwumba. Timasisita mutu kuti ukhale wozungulira, timakoka kamphuno ndi zala ziwiri kuti kasaphwatalale, timawongola timiyendo. Achemwali anga ndi amanzere chibadwire. Felista atayamba kusinkhuka, mphuno n'kuyamba kuonetsa mbali yomwe ikulowera, apongozi a achemwaliwo, omwe pano anatisiya, anangoponya mawu amodzi pa mtondo: "Mwanayu anamuwumba ndi dzanja lamanzere." Basi. Mudzi wonse unatola mawuwo. Achemwali nawo anawatola, n'kuwasunga mumtima zaka zonsezi. Ana a anzawo obadwa pambuyo pake sanawagwirenso pamphuno.

Ndinamukokera Felista kuseri kwa khitchini.

"Iwe, wawaletsa mayi ako kusambitsa mwana?"

"Sindinawaletse, amayi aang'ono," anatero, misozi ili lengelenge. "Koma sindinawaitanenso. Ndikayang'ana kamphuno kakeka, kali bwinobwino, ndimachita mantha. Kusukulu anandiseka ine. Sindikufuna naye adzasekedwe."

Zinandipweteka kwambiri, ndisaname. Mayi akulakalaka kunyamula mdzukulu m'madzi, mwana akulakalaka thandizo la mayi ake, onse ali pakhomo limodzi, koma pakati pawo paima mphuno.

Mwamwayi, Lachinayi Felista ankayenera kubwerera kuchipatala kuboma kuti akamuone iye ndi mwana. Ndinamuperekeza, ine wonyamula thewera. Atatha za mwanazo, ndinamugunyuza ndi chigongono kuti afunse za mphuno, pakuti kuyambira kale amadandaula kuti mbali imodzi imatseka, ndipo mwamuna wake amati mkonono wake umathawitsa mbewa kudenga. Anachita manyazi, ndiye ndinafunsa ndine. Pakamwa panga simupadziwa kodi?

Anatitumiza kwa dokotala wina, mayi wodekha, yemwe anamuunika m'mphuno ndi katochi, n'kumuuza kuti atsegule pakamwa, atseke, alume mano.

"M'kati mwa mphuno muli kakhoma kofewa kogawa mabowo awiriwa," anafotokoza. "Kanu kanapindika. Ena kamapindika chifukwa anagwa kapena anamenyedwa, koma ambiri kamangokula choncho."

Anatiuza kuti njira zilipo, ndipo si imodzi. Munthu ngati akupuma bwino, atha kungoisiya mphunoyo, palibe chomwe ingamuchite. Ngati imatseka, pali mankhwala opopera m'mphuno ochepetsa kutupa, koma anachenjeza kuti amenewo sawongola kanthu, amangotsegula njira ya mpweya. Chowongola chenicheni ndi opaleshoni, yomwe amachita madokotala a mphuno ndi makutu ku chipatala chachikulu mumzinda, ndipo munthu amapita ndi kalata yochokera kuno.

Za chibwano anati tiyambe ndi mano. Felista ali ndi dzino lobooka kumanja lomwe wakhala akulinyengerera, moti amatafunira mbali imodzi yokha. Limenelo alionetse kwa a mano msanga. Ngati vuto lili pa kakhalidwe ka mano, pali timawaya tomwe amamanga kuti tiwakokere m'malo mwake pang'onopang'ono. Koma ngati fupa lenilenilo linakula mbali imodzi kuposa inzake, ndiye kuti ayambe ajambula mafupawo, ndipo kukonza kwake ndi opaleshoni yaikulu, yosachitira masewera. Anati iye sangamukankhire munthu kumeneko ngati akutafuna ndi kuyankhula bwinobwino.

Ine ndinali ndi funso langa lomwe linkandiyabwa pakhosi.

"Adokotala, pepani, nanga kuwumba kuja? Mayi akakhala wamanzere, sangaikhotetse mphuno ya mwana posambitsa?"

Anavula magalasi, n'kundiyang'ana kuti aone ngati ndikuseka. Ataona kuti nkhope yanga ili gwa, anayankha mofatsa.

"Mayi, zala zosisita mwana m'madzi sizingakhotetse mphuno. Sizingaiwongolenso. Kaya ndi dzanja lamanja, kaya lamanzere."

Felista anangoti kukamwa yasa. Kenaka anayamba kulira, kulira kwenikweni, mpaka mwana anadzidzimuka n'kuyamba kuthandizira. Dokotala anasowa kuti atonthoze uti.

M'minibasi pobwerera ndinkangoyang'ana mphuno za anthu. Yesani tsiku lina, muone. Kondakitala yake yopendekera kumanja. Abambo ena a chipewa choyera, onyamula thumba la anyezi, yawo yophwatalala bwinobwino. Tonsefe anatikoka mphuno tili makanda, ena mpaka ndi mafuta otenthetsa pa chala. Nanga bwanji dziko lonseli silinadzaze ndi mphuno zosongoka? Tikanakhala kuti timawumbadi, bwenzi ku Chiradzulu kuno kulibe mphuno ngati yangayi, yomwe amayi anga anailimbikira ndi mtima wonse koma inakana.

Kuwumbako sindikudana nako. Mwana amasangalala akamasisitidwa, amagona tulo tabwino, ndipo agogo amapezapo pocheza ndi mdzukulu. Chomwe chimandinyansa n'chakuti chilichonse chikapendekera pa thupi la mwana, timathamangira kufunafuna mayi woti timuloze chala. Miyendo ikachita matewe, akuti anafulumira kumubereka kumbuyo. Mutu ukatalika, akuti ankamugoneka mbali imodzi. Bambo ake a mwanayo ali pomwepo, mutu wawo wautali womwewo, koma palibe amawayang'ana.

Ndipo timanena zimenezi mongocheza, tikupeta, tikutunga madzi, mawa lake taiwala. Wonenedwayo saiwala ayi.

Chinanso, tikamatanganidwa ndi kupeza wolakwa, timaiwala kufunsa ngati pali chithandizo. Felista wakula akupumira bowo limodzi la mphuno, ndipo palibe mmodzi wa ife anaganizapo zopita naye kuchipatala. Mlandu tinali titaweruza kale, ndiye kuchipatala tikatani? Ena masiku ano akuitanitsa timapulasitiki topanira mphuno tomwe amationa pa foni. Ndinamufunsanso dokotala uja za timeneto, anangopukusa mutu.

Mawu amodzi omwe anatitsindikira ndiwapereke kwa inu momwe anandipatsira. Nkhope yomwe yakhala yopendekera kuyambira ubwana si yothamangira. Koma munthu akadzuka m'mawa pakamwa patakhotera mbali imodzi mwadzidzidzi, diso likukana kutseka, kapena mawu akutuluka mokoka, musayambe kufufuza kuti wamulodza ndani. Thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Felista wasankha zake. Dzino akalionetsa sabata ikubwerayi. Za opaleshoni ya mphuno akuti adzaganiza mwana akadzasiya kuyamwa, ndipo akadzapita n'chifukwa chofuna kupuma bwino. Chibwano akuti chikhale momwe chilili, mwamuna wake anachipeza choncho ndipo sanabwerere pakhomo.

Lachinayi lija tinafika kumudzi dzuwa likadalipo. Achemwali anali pakhonde pomwe paja, ulendo uno akusoka chilundu. Felista sanalonjere n'komwe. Anatereka madzi, n'kuwathira m'beseni, n'kuwayesa ndi chigongono. Kenaka anamuvula mwana, n'kupita naye pakhonde.

"Amayi, msana ukundiwawa. Tandisambitsireni mwanayu."

Achemwali anayang'ana ine, n'kuyang'ana manja awo.

"Ndi dzanja langali?"

"Ndi lomwelo, amayi. Adokotala akuti silinalakwe kanthu. Silinalakwepo n'kale lomwe."

Achemwali anabaya singano pa chilundu, n'kupukuta manja pa chitenje, n'kumulandira mwanayo. Inu, kagwiridwe kake! Khosi pa chikhatho, madzi pamsana, kanyimbo kapansipansi. Mnyamata uja, yemwe amakuwa ngati akumupha mayi ake akamamusambitsa, anangoti zii, n'kumaphethira. Ine ndinakhala pa mpando wa ndalema n'kumaonerera, mtima uli m'malo.

Anamusisita mutu, timapewa, timiyendo. Atafika pankhope, dzanja lamanzere lija linaima m'malere, madzi akudontha kuchokera ku zala.

"Kamphunoka ndikakhudze?" anafunsa motsitsa mawu.

Felista anaseka, chibwano chake chija chili cham'mbali, osabisa nkhope.

"Kakhudzeni, amayi. N'ka mdzukulu wanu."

Anakakhudza ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono.

Nanga inu, kwanuko, ndi mayi uti amene akusankha nyemba pakhonde pomwe mdzukulu wake akusamba, chifukwa cha mawu omwe wina anangoponya pa mtondo?