Khadi la Malemu

Mu ofesi yathu ya ku Chipoka tinalimo awiri, ine ndi mkulu wanga pa ntchito, bambo wamtali wosakonda zoyankhulayankhula. Zinali zaka zija zipani zitachuluka, mabungwe othandiza nawo akuphuka ngati bowa. Lathu linkayeza madzi a m'zitsime za m'midzi ya m'mbali mwa nyanja kuti kolera asatidzidzimutse. Lachiwiri lililonse tinkatumiza lipoti ku likulu ku Lilongwe pa intaneti ya pa waya wa foni, imene inkayamba yalira kaye isanagwire.

Tsamba la ku likululo silinkatsegukira aliyense. Bambowo anali ndi khadi lokhala ndi chithunzi chawo ndi kachitsulo konyezimira. Ankalilowetsa m'kabokosi kolumikizidwa ku kompyuta, n'kulemba nambala yachinsinsi. Katswiri amene anadzatiphunzitsa anati m'kachitsulomo muli satifiketi, ndipo ndi imene imauza kompyuta ya ku Lilongwe kuti wogogodayo ndani.

"Khadili ndi inuyo, bambo," anatero. "Musalibwereketse."

Tinagwedeza mitu. Koma kwathu kuno chosabwerekana n'chiyani? Njinga timabwerekana, jekete la ukwati timabwerekana. Bambowo maso anali atayamba kuwavuta, ndiye nambala ija anandiuza mlungu woyamba womwewo. Khadi langalanga ndinalifunsira, koma miyezi yonse linkangokhala lili m'njira.

Mvula itangoyamba, bambowo anadwala masiku anayi n'kutisiya. Achibale atabwera ku ofesi kudzatenga katundu wawo maliro asanaikidwe, ndinapereka kapu, ambulera ndi Baibulo. Khadi ndinaliponya m'thumba la malaya. Ndinadziuza kuti zitsime zikusefukira, ndipo popanda lipoti mankhwala othira m'madzi sabwera. Zinali zoona, koma sizinali zonse. Ndinkafuna akuluakulu aone kuti ntchito sinaime, mpandowo andipatse ine. Mawu a katswiri aja ndinawayesa zongoopseza.

Ndinatumiza malipoti atatu.

Mkazi wa malemu, mayi wogulitsa usipa pa siteshoni ya sitima, anapita ku likulu ndi mlamu wawo, mchimwene wa malemu, kukapempha kalata yoti akhalebe m'nyumba ya ntchito mpaka ana atsekere sukulu. Uthenga wa maliro unali utafika kwa bwana mmodzi yekha pa foni, ndipo bwanayo anali pa ulendo. Kalaliki anayang'ana pa kompyuta n'kunena kuti, "Mayi, amuna anu akugwira ntchito. Atumiza lipoti dzana."

Mlamu uja anamva ndi makutu ake, ndipo nkhani inafika ku Chipoka iwo asanatsike basi. Anthu anati malemu anawasandutsa ndondocha, munthu wophedwa m'matsenga kuti azigwirira ena ntchito. Nanga wowagulitsa angakhale ndani, kupatula mkazi amene geni yake inkayenda bwino chaka chimenecho? Akuchimuna anakana kuwasudzula. Usipa wawo anthu anasiya kugula. Ku tchalitchi benchi lawo linkakhala ndi malo mbali zonse ziwiri.

Zonsezi ndinkazimva. Anthu ankazikamba pa khonde la ofesi yathu yomweyo, ine ndikuseka nawo kuseka kwa galu wakuba. Ndinkaopa kuchotsedwa ntchito, ndinkaopanso kuti chala chimene ankaloza nacho mayiwo chitembenukira kwa ine. Chimene chimandichititsa manyazi koposa mpaka lero ndi ichi: Lachiwiri lotsatira ndinalowetsanso khadi lija m'kabokosi, n'kutumiza lipoti lachinayi.

Masana ena ndinadutsa pa siteshoni ndikuyenda mozemba, koma mayiwo anandiona. Dengu lawo linali lodzaza monga analibweretsera m'mawa. Anandiitana, ndipo sanandikalipire ayi.

"Achimwene, inu ndi amene mumakhala mu ofesimo," anatero motsitsa mawu. "Ine sindinawachite kanthu, Mulungu akudziwa. Koma ngati alipodi m'menemo, tandiuzani, kodi akudya?"

Ndinakhala pansi pa fumbi pomwepo, n'kutulutsa khadi. Ndinafotokoza za kachitsulo, za satifiketi, za nambala, mawu ambirimbiri osathandiza. Iwo ankangoyang'ana chithunzicho.

Mawa lake ndinakabwereza zomwezo pamaso pa akuchimuna ndi akulu a mpingo. Ena anakhulupirira. Ena anati mayiwo andigula, ndipo mphekesera ikalowa m'mudzi situluka yonse. Anawasudzula patapita mwezi, koma geni ya pa siteshoni sinadzukenso, moti anasamukira kwawo ku Maganga. Nkhani itafika ku likulu, anafafaniza satifiketi ya malemu tsiku lomwelo, ine n'kundilembera kalata yochenjeza. Khadi langa linafika patapita milungu iwiri, ngati kundinyoza.

Za kalatayo ndinaiwala kalekale. Chimene sindiiwala ndi funso limene mayiwo anandifunsa pa siteshoni paja, atapukuta chithunzi cha amuna awo ndi nsonga ya chitenje.

"Tsiku loika maliro munanyamula nawo bokosi, ndinakuonani. Khadili linali kuti?"

"M'thumba, mayi."

"Thumba lomweli?"

Ndinavomera. Anayang'ana malaya anga kanthawi, kenako anavundikira usipa wawo, n'kundipempha kuti ndiwasenzetse dengu.