Mzere Umene Ndinalephera Kulembapo Dzina

Mundikhululukire polimba mtima kulemba izi. Sukulu yanga inathera kumudzi, kwathu ku Katete, ndipo mabuku amene ndinawawerenga mpaka tsamba lomaliza sakwana zala za dzanja limodzi. Koma nkhaniyi ndaifotokoza kangapo pakamwa, ndipo anthu amayamba kuseka ndisanafike pamene ndikufuna kufika. Mwina papepala andilola kumaliza.

Chaka chimenecho ndinkagwira ntchito m'sitolo ya penti ndi misomali ku Northmead, mu Lusaka. Ndinkagona ku Kabwata, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mayi wina wamasiye. Zipinda zinali ziwiri zogundana. Chinacho chinali cha bambo wina wachikulire, mlonda wa nyumba ina ku Kabulonga. Sitinkayankhulana. Iwo ankafika m'mawa ine ndikuvala, n'kuyamba kutsokomola. Khoma linali lopyapyala, ndipo kwathu munthu wamkulu akatsokomola chotero sungangokhala duu, choncho ndinkati "pepani" nditayang'ana khomalo. Sanayankhepo.

Lamlungu lina mapemphero atatha, analengeza kuti kwabwera mayi wophunzira kwambiri wa ku yunivesite, amene akufufuza ngati kukondedwa ndi kukhala ndi anthu apamtima kumathandiza thanzi la munthu. Anaika tebulo pansi pa mtengo, panja pa tchalitchi. Sindinkafuna kupitako. Koma mayiwo anandiyang'ana n'kumwetulira, ndipo ine munthu wamkulu akandimwetulira miyendo imangoyenda yokha. Mlonda uja ndinamuona ali kumapeto kwa mzere, chipewa chili m'manja.

Mayiwo anandimanga pamkono lamba woyezera kuthamanga kwa magazi. Lambayo anafufuma, anandifinya, kenako makina anaonetsa nambala. Ndinasuzumira papepala lawo ndipo ndinaona kuti yanga inaposa za onse amene anali patsogolo panga. Mtima unadzaza. Kusukulu sindinakhalepo woyamba pa chilichonse.

"Muli ndi mantha, achimwene?" anandifunsa.

"Ayi, mayi. Mukafuna ndikhoza kuwonjezera."

Anandifotokozera kuti pa zimenezi nambala yaikulu si yabwino. Ndinagwedeza mutu, koma mumtima ndinadziwa kuti akungowatonthoza anzangawo.

Kenako anandipatsa fomu yoti ndikalembe kunyumba, ndibwere nayo pakatha masabata awiri. Mafunso ambiri ndinawakwanitsa. Lina linkafunsa kuti ndakumbatirana ndi anthu angati sabata imeneyo. Ndinakumbukira mayi wina amene anandigonera paphewa m'minibasi kuchokera ku City Market mpaka pafupi ndi kwathu, ndipo ndinalemba kuti theka, popeza iwo sankadziwa.

Funso lomaliza ndi limene linandiimika. Linkati: mutadwala mwadzidzidzi, ndani woyamba amene mungamuitane? Ankafuna dzina la munthu woti angafike pamene ndili tsiku lomwelo. Pansi pake panali mzere.

Amayi anga anali ku Katete, ndipo foni imene ndinkawaimbira inali ya mnansi amene nthawi zambiri ankakhala kudimba. Mu Lusaka munali anthu ambiri amene ndinkawapatsa moni, koma nditayesa kuona nkhope ya aliyense wa iwo ikulowa pakhomo langa, palibe imene inalowa. Mphunzitsi wathu wa giredi seveni ankakwapula kawiri amene wasiya mzere wopanda yankho, ndipo kamodzi kokha amene walakwa. Kuchokera nthawi imeneyo sindinasiyepo mzere. Komanso sindikanalemba dzina la munthu ndisanamupemphe, monga mmene sungatengere khasu la mnzako iye osadziwa.

Ndinayamba ndi eni nyumba. Ndinawapeza akuchapa, ndinanjuta, ndi kuwafotokozera zonse mwadongosolo.

Anasiya kuchapa. "Iwe mwaiche, ufuna kufela mu nyumba yanga?"

Ndinati ayi, ndili bwino, ndipo makina anandipatsa nambala yaikulu kuposa mpingo wonse. Madzulo ake kunabwera mng'ono wawo kuchokera ku Chelstone ndi kabotolo ka mafuta. Anadzoza chitseko changa, zenera, ndi nsapato zimene ndinaziyanika panja. Dzina eni nyumba sanandibwereke.

Abwana anga anamvetsera mpaka kumapeto, akuwerenga malata.

"Ukadwala uniitane ine?"

"Inde, bwana, ngati simukuona vuto."

"Manje ine nikabwela kwa iwe, shopu azasegula ndani? Si ndiwe usegula?"

Ndinaona kuti anali ndi mfundo, ndipo ndinapepesa.

Abusa anayankha msanga. "Lemba Yesu, mwana wanga." Ndinalemba ndi pensulo. Zoti angafike tsiku lomwelo sindinakayike. Koma pafupi ndi mzerewo panali kabokosi ka nambala ya foni, ndi kena kofunsa ngati munthuyo ndi wa ku Lusaka konkuno. Ndinafufuta pang'onopang'ono, ndikupempha chikhululukiro.

Panatsala mtsikana wina wogulitsa zitumbuwa pafupi ndi sitolo yathu, amene nthawi zina ankandisankhira zotentha. Ndinakonzekera masiku atatu. Nditamufunsa ngati angalole kukhala munthu woyamba amene ndingamuitane ndikadwala, anayang'ana pansi, nakanda dothi ndi chala cha kuphazi, n'kunena kuti nkhani zotere amayankha ndi alongo ake.

Mawa lake alongo awiri anabwera kuchokera ku Makeni. Anandikhazika pa ndowa ya penti. Anandifunsa mtundu wanga, mpingo wanga, ngati kwathu kuli ng'ombe, ndi ngati ndimamwa. Ndinayankha zonse moona, chifukwa anafunsa mwaulemu. Pochoka wamkuluyo anandigwira paphewa n'kuti, "Ba mulamu, mutume ba malume banu." Kuyambira tsiku limenelo ndinkatsika minibasi siteji imodzi m'mbuyo n'kulowera kuseri kwa sitolo. Koma kugwidwa paphewa kuja ndinakuwonjezera pa funso la kukumbatirana, n'kukwanitsa mmodzi wathunthu.

Masabata awiri anatha. Ndinapita kutchalitchi fomu ili m'Baibulo, mzere uja uli mbee, ndi kachipsera ka labala pakati. Ulaliki sindinaumve. Ndinkangoganiza za mayi uja, amene anachoka ku yunivesite kudzatithandiza, akuona kuti munthu amene anakhoza bwino kwambiri pa makina walephera funso limene ana omwe angayankhe. Ndipo pansi pa manyaziwo panali chinthu china chimene sindinkafuna kuchiyang'ana, choti mwina yankho loona linali mzerewo mmene unalili.

Tsiku limenelo mlonda uja anali patsogolo panga. Mayiwo anawerenga fomu yake, anaitembenuza, anaiwerenganso.

"Atate, apa pakufunika dzina."

"Ni iyo nalemba."

"Mwalemba kuti 'uja wa pepani'."

"Ee."

"Ndi mbale wanu?"

"Awe."

"Nanga dzina lake?"

Bambowo anatembenuka, anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka ku nsapato zanga zonyezimira mafuta, n'kundiloza ndi chipewa. "Mufunseni. Ali apa."

Anthu a pamzere anaseka. Ine ndinatchula dzina langa, koma linatuluka motsika kwambiri mpaka mayiwo anandipempha kuti ndibwereze.

"Mumadziwana?" anafunsa, akutiyang'ana tonse awiri.

"Ayi," ndinatero.

"Chaka na hafu nikosomola mu ija nyumba," anatero bambowo. "Uyu chabe ndiye amamvela."

Ndinafuna kuwauza kuti sanandipemphe. M'malo mwake ndinanjuta pang'ono, ndi kufunsa ngati nanenso ndingabwereke dzina lawo. Anandilembera okha, ndi zilembo zazikulu zimene zinapitirira mzere mpaka kulowa m'kabokosi ka foni. Atandiyezanso mayi aja, nambala yanga inali itatsika. Mayiwo anasangalala. Ine ndinakhumudwa pang'ono, sindibisa.

Zimene anapeza pa kafukufuku wawo sindinazimve, ndipo sindinawaonenso. Koma bambo aja nkhaniyi anaitenga ngati ntchito ya ulonda. M'mawa uliwonse akafika ankamenya khoma kawiri.

"Wadwala?"

"Ayi, atate. Nanga inu?"

"Awe."

Akatero ankayamba kutsokomola, ine n'kunena pepani. Sitinkawonjezera china. Miyezi inadutsa chomwecho, ndipo ndinkaganiza kuti fomu ija tinaikhoza basi, monga mayeso amene munthu amaiwala akangotuluka m'kalasi.

Kenako m'mawa wina wotentha kwambiri ndinadzuka mutu ukuwaza, mano akugundana, bulangete litanyowa. Anali malungo. Khoma linalira kawiri.

"Wadwala?"

Pakamwa panga panali patakonzeka kale kunena ayi. Munthu wachezera usiku wonse pageti la eni ake, ine ndimuvutitse? Kenako ndinakumbukira kuti zinalembedwa, ndipo pepalalo lili ku yunivesite.

"Inde, atate."

Ndinamva akuvalanso nsapato zimene anali atangovula. Anandiperekeza kuchipatala atandikolekera mkono wanga pakhosi pawo, ndipo tikudutsa pa mpopi eni nyumba anathamangira kukatenga kabotolo kaja. Linali Lachisanu lomaliza la mwezi wa Okutobala, mvula isanayambe.