Nsapato Zimene Sizinakwere Phiri

Mkazi wanga anagula nsapato zokwerera mapiri malire asanatsekedwe. Zinali zabulauni, zolemera, zofika m'akakolo. Ankaphunzira za miyala ku yunivesite kuno ku Perth, ndipo mtima wake unali kum'mawa kwa dziko lino, kumapiri kumene kumagwa chipale. Ankafuna tikayende m'zigwa za kumeneko nyengo yotentha, chipale chitasungunuka. Ankandionetsa tinjira take pa foni: apa tidzawoloka mtsinje, apa tidzagona m'kanyumba ka matabwa. Ine ndinkangoti, "Munthu wa ku Mulanje, mapiri sanakukwane?"

Ankati nsapato zatsopano zimaluma ukapanda kuzizoloweza, choncho ankazivala paliponse. Ankaphika nazo. Ankapita nazo ku Canning Vale kukagula masamba. Kenako mliri unafika, boma linatseka malire, ngakhale a pakati pa zigawo za dziko lino, ulendo tinauimitsa. Chaka chotsatira anadwala matenda ena, osati a mliriwo, ndipo sanachedwe kutisiya.

Ndege kunalibe. Tinamuika konkuno, abale ake akuonera pa foni.

Amene anaima m'malo mwa makolo ake linali banja lina la ku Balga, dera lina la mumzinda uno. Amayi a m'banjamo ndi namwino, kwawo n'kufupi ndi kwawo kwa mkazi wanga, ndipo bambo amagwira ntchito ku migodi ya kumpoto. Kuyambira pamene tinafika m'dziko muno ankanditchula kuti mkamwini wawo.

Maliro atatha, amayiwo anandiuza kuti abwera kudzalongedza zovala. Mwambowu ndinkaudziwa. Zovala za malemu sizitsala ndi mwamuna: zimachapidwa, n'kupita kwa abale ake kuti akagawane. Sindinatsutse. Koma asanafike, ndinatenga nsapato zija n'kukazibisa m'galimoto, pansi pa tayala lapadera.

Anachapa zonse, kuyanika, kusita. Ali mkati mopinda, anaimbira foni ku Mulanje kuti abale aone zimene zikulowa m'masutikesi. Pa foni panabwera mlamu wanga, mng'ono wake wa malemu, mphunzitsi wa ku pulayimale.

"Alamu, nsapato za mapiri zija musaiwale," anatero. "Phazi lathu ndi limodzi. Anandilonjeza kuti akabwerako ku ulendo wanu zidzakhala zanga. Ndikufuna ndidzakwere nazo phiri lathu lino, ndikamuuze kuti zafika."

"Anazibweza kusitolo," ndinayankha. "Zinkamuluma."

Mlamu wanga anangoti, "Oo." Amayi anandiyang'ana pang'ono, n'kupitiriza kupinda chitenje. Masutikesi anapita ku Balga kukadikira ndege.

Miyezi inadutsa. Ndinkapita kuntchito, kubwera, kugona. Tsiku lina bambo aja anafika kwathu ali pa tchuthi cha ku mgodi.

"Akamwini, muola m'nyumba muno. Kum'mawa sakutilola, koma kum'mwera kuli mapiri a Stirling. Amati nthawi zina kumagwa tichipale, tongokwanira kujambula chithunzi. Tiyeni."

Ndinavomera msanga, chifukwa ganizo linali litandifikira kale. Nsapato zija ndikazisiya pamwamba pa phiri. Zikatero bodza langa likhala ngati latha: nsapato kulibedi.

Poyambira njira panali kabenchi ndi burashi. Aliyense amayenera kupukuta kunsi kwa nsapato zake, kuti asatengere m'nkhalango dothi la matenda amene amaumitsa mitengo. Bambo anapukuta zawo akung'ung'udza kuti ngakhale dothi kuno lili ndi malire. Ine ndinapukuta zomwe ndinavala. Za m'chikwama sindinazitulutse.

Njirayo inkadutsa m'chigwa pakati pa mapiri awiri. M'munsi munali mabulugamu aafupi, opindika, ndipo kutsogolo mitengo inatha, kunatsala tchire lofika m'chiuno ndi timaluwa tofiira ndi toyera. Mphepo inali yozizira ngati chiperoni. Miyala ya m'mbali mwa njira inali yosanjikizana ngati mabuku, ndipo ndinadziwa kuti mkazi wanga akanaima pa uliwonse. Ine sindinkadziwa dzina la mwala ngakhale umodzi.

"Chikwama chimenecho mwaikamo chiyani?" bambo anafunsa kumbuyo kwanga, akupuma movutikira. "Mphero? Kapena mukusamuka osatsanzika?"

"Madzi ndi jekete basi."

"Jekete la simenti."

Tinafika pa kamtsinje, pamene njira imayamba kukwera. Bambo anakhala pa mwala n'kunena kuti mawondo awo apempha msonkhano. Ndinatula chikwama, n'kutsikira kumadzi kukasamba kumaso. Botolo lawo linali litatha, ndiye anatsegula chikwama changa kufuna langa. Kwathu mkulu sapempha chilolezo pa madzi a mwana wake.

Nditatembenuka, anali atanyamula nsapato imodzi m'mwamba.

"Akamwini, phazi lanu lachepa liti?"

Anayamba kuseka, koma kusekako kunathera panjira. Anaitembenuza, kuyang'ana kunsi kwake, n'kuiika pa bondo.

"Mumafuna kuzitani?"

"Kuzisiya pamwamba."

"Pamwamba." Anayang'ana phirilo. "Anthu a kuno amatola ngakhale khoko la nthochi. Mawa lomweli wina azitsitsa, aziponya m'bini, n'kudandaula kuti alendo akuwononga phiri. Ndiye mwana wathu mwamuperekeza kumeneko?"

Madzi ankatsika m'khosi mwanga kulowa m'malaya.

"Amayi asadziwe," ndinatero.

"Amayi anu? Nsapato izi ankabwera nazo kutchalitchi, pansi pa diresi. Balga yense amazidziwa. Tsiku lija amayi anu anafika kunyumba n'kundiuza kuti, mkamwini wanama pamaso pa mlamu wake, koma musamufunse, adzabweretsa yekha."

Ndinakhala pansi pomwepo, pa miyala yonyowa. Miyezi yonseyo ndinkadya kwawo Lamlungu lililonse. Ankandipakulira, kundifunsa za kuntchito, kundipatsa zotsala m'kontena. Masutikesi anali pakona pa chipinda chochezera, ndipo limodzi linali losatseka zipi. Ndinkaganiza kuti ladzaza kwambiri.

Pamwamba sitinafike. Ndinatenga nsapato zonse ziwiri n'kuziimika pa njira, pamatope a m'mbali mwa kamtsinje, zitaloza kuphiri. Ndinazikanikiza ndi manja mpaka zinasiya mapazi. Bambo anayang'ana kumbali, akumwa madzi anga. Kenako ndinazibweza m'chikwama, tinatsika.

Ku Balga tinafika mawa lake masana. Amayi anali kuseri, akuthirira mpiru wawo. Ndinatulutsa nsapato n'kuzipereka ndi manja awiri. Sanafunse kanthu. Anatenga beseni, sopo ndi burashi yakale.

"Amayi, dothilo likanatsala," ndinatero. "Ndi la m'chigwa muja. Ndi lokhalo limene zapondapo."

"Za malemu timachapa, akamwini. Gwirani beseni."

Ndinagwira. Anachapa mofatsa, kuchotsa matope m'mizere yonse ya kunsi, kutulutsa zingwe n'kuzichapa pazokha. Madzi anafiira. Anawathira pa mpiru.

Atatha anapukuta manja pa chitenje, n'kutulutsa foni yawo, kuimba, n'kundipatsa ikulira.

"Ine sindinena. Bodza lija munanena ndinu."

Ku Malawi kunali m'mawa. Mlamu wanga anayankha ali pakhonde, atavala zopita kusukulu, phiri lawo likuoneka kumbuyo kwake.

"Alamu? Kwagwanji?"

Ndinanyamula nsapato zija, zikudontha, n'kuzionetsa pa foni. Anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Zabwerako kusitolo?" anafunsa.

"Sizinapiteko. Ndinakunamizani, mlamu."

"Ndinadziwa. Ananditumizira chithunzi atazivala, sabata yomwe analowa m'chipatala." Anapukuta m'maso ndi chala. "Tazitembenuzani ndione kunsi. Sizinathe?"

"Sizinathe. Sizinakwere phiri lililonse."

"Zidzakwera. Inu mudzanyamula madzi."

Amayi anazilandira m'manja mwanga n'kukaziyanika padzuwa, pafupi ndi khomo. Zitauma anaziika m'sutikesi lija, ndipo anandiitana kuti zipi nditseke ine.